Mlandu wa pantchito umaola: njira yotsata mmisiri wa zamagetsi akalakwiridwa ku Harare

Makolo athu ankati mlandu suola. Kumudzi mawuwa anali oona ndithu: mbuzi imene agogo anabwereka osabweza inkatha kudzafunsidwa kwa mdzukulu, nyakwawa n'kuitanitsa bwalo ngati kuti nkhaniyo yachitika dzulo. Koma mlandu wa pantchito kuno ku Zimbabwe umaola, ndipo lamulo linachita kutchula nthawi yake. Gawo 94 la Labour Act, lamulo la zantchito, likuti dandaulo lifike ku leba zaka ziwiri zisanathe kuchokera pamene nkhaniyo inabuka. Zikatha, ngakhale mutaberedwa dzuwa likuswa mtengo, chitseko chimenecho chatsekeka, pokhapokha ngati kulakwiridwako kukupitirirabe pa nthawi imene mukukadandaula. Amisiri athu ambiri a zamagetsi amene ndawaona akutaya thukuta lawo anali ndi nkhani yomveka bwino. Chinawapweteka n'kudikira, ndiponso kugogoda pa khomo lolakwika.

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga anafika kwathu ku Mufakose madzulo, nkhope ili ndwii. Wagwira miyezi isanu pa nyumba zimene zikumangidwa mumpanda umodzi chakumpoto kwa mzindawu: kusema makoma, kuyala mapaipi a tubing konkire asanathire, kukoka mawaya, kumanga ma DB, mabokosi ogawa magetsi m'nyumba. Miyezi itatu yoyamba malipiro ankalowa, iwiri yotsirizayi zii. Akafunsa, bwana amangoti mwini nyumba sanapereke ndalama, udikire.

"Malume," anatero, "usiku uno ndikukazula ma breaker onse amene ndinaika ndi manja angawa. Tione ngati magetsiwo ayake."

"Mphwanga, takhala pansi. Ukakazula, mawa ugona m'chitokosi, ndipo ngongole yawo isanduka mlandu wako."

Ndinakhalapo zaka zingapo m'komiti ya antchito pa kampani ina ya zamagetsi ku Msasa, choncho njira zimenezi ndinaziyendapo ndi mapazi anga. Zimene ndinamuuza usiku umenewo ndi zimene ndikulemba pano.

Funso loyamba, limene ambiri amalilumpha, n'lakuti pamaso pa lamulo inu ndinu ndani. Ntchito ya magetsi pa saiti ili ngati unyolo. Pamwamba pali mwini nyumba. Iye amalemba kampani yomanga, kampaniyo n'kupereka gawo la magetsi kwa kampani ina yaing'ono, ndipo yaing'onoyo nthawi zina ndi munthu mmodzi chabe wa kagalimoto ndi foni, amene amasonkhanitsa mmisiri wa Class 1 (wa luso lapamwamba), othandiza awiri atatu ndi mnyamata wophunzira ntchito. Ndalama zimatsika pang'onopang'ono kutsata magawo a ntchito, ndipo zomaliza kawirikawiri zimadikira a ZETDC, kampani yogawa magetsi, abwere kudzayendera mawaya ndi kulumikiza magetsi. Pakathina pamwamba, wolira ndi wa pansi penipeni. Chiyambire kuzimazima kwa magetsi kwa maola ambiri, timakampani toika sola ndi ma inverter tangoti mbwee mumzinda muno, tambiri topanda ofesi, tolemba anthu ntchito pakamwa pokha.

Labour Act imateteza wantchito, osati kontirakita woima payekha, ndipo apa m'pamene mabwana ambiri amathawira: "Ameneyu si wantchito wanga, ndi waganyu, onani ali ndi zida zake." Opanga lamulo anaiona kale njomba imeneyi. Tanthauzo la wantchito m'gawo 2 likuti ngakhale munthu atabwera ndi zida zake, kapena atamagwira pa nthawi zosinthasintha, amakhalabe wantchito ngati womulembayo ndi amene waika chuma chachikulu pa ntchitoyo, kapena ndi amene angaluze kwambiri ikalephereka. Kwa ife amagetsi mawu amenewa ndi ofunika kuposa gawo lina lililonse, pakuti palibe mmisiri amene amayenda wopanda pulayazi, tester ndi sikuludiraiva zakezake. Tadzifunsani: anagula mawaya ndani? Anapangana mtengo ndi mwini nyumba ndani? Amakuuzani ola lofika ndi saiti yopita ndani? Ntchito ikapindula, phindu limalowa m'thumba la yani? Ngati yankho lililonse likuloza kwa bwana, ndinu wantchito wake. Ndipo taonani mmene mawu aja akuti mwini nyumba sanalipire amamutembenukira. Wodya phindu ntchito ikayenda ndi yemweyo wosenza katundu ikavuta. Inu simunapangane kanthu ndi mwini nyumba, choncho malipiro anu sangadikire ndalama za munthu amene mwina simunamuonepo n'komwe.

Koma ngati munatchula nokha mtengo wa nyumba yonse, n'kugula zipangizo, n'kubwera ndi anyamata anu, ndiye kuti ndinu kontirakita, ndipo ku leba akakubwezani. Yanu ndi ngongole wamba: ku Small Claims Court ikakhala yochepa, kwa majisitireti kapena ku High Court ikakula. Makampani akuluakulu akakangana okhaokha amapita kwa wogamula amene anamutchula m'kontirakiti yawo motsata Arbitration Act ya 1996, kapena ku nthambi ya zamalonda ya High Court imene inatsegulidwa mu 2022. Zimenezo n'zawo, ine mtima wanga uli pa wokwera makwerero. Kungoti musaiwale kuti anyamata amene munabwera nawo aja, bwana wawo ndinu.

Nanga waganyu weniweni? Gawo 12 likuti munthu wolembedwa mwa apo ndi apo akagwira kwa bwana mmodzi masabata opitirira asanu ndi limodzi m'miyezi inayi yotsatizana, wasanduka wantchito wokhazikika tsiku lomwelo. Gawo lomwelo likulamula bwana kukupatsani polemba za malipiro, maola ogwira ndi kutalika kwa kontirakiti. M'ntchito yathu makontirakiti ambiri amamangidwa pa saiti imodzi, saitiyo ikatha nawonso atha, ndipo lamulo limalola zimenezo. Chimene gawo 12B limakana n'chakuti munthu amene anali ndi chifukwa chomveka choyembekezera kulembedwanso asiyidwe, pamalo pake n'kulembapo wina. Zinthu ziwirizo ziyenera kukhalapo pamodzi, chiyembekezo chomveka ndi munthu wina wolowa m'malo. Chimodzi chokha sichikwanira.

Lamulo limagawa mikangano pawiri. Pali mkangano wa chinthu chimene ndi chanu kale, monga malipiro osaperekedwa, ovataimu, masiku a tchuthi, kapena kuchotsedwa ntchito mosatsata ndondomeko. Palinso mkangano wa chinthu chimene mukufuna chikhale chanu, monga kukweza malipiro kapena kuyambitsa alawansi yatsopano. Woyambawo umagamulidwa, chifukwa pali pepala kapena lamulo loti n'kuwerenga. Wachiwiriwo umakambiranidwa, chifukwa palibe amene walakwa, mwangosiyana zofuna. Wa mphwanga uja ndi wa mtundu woyamba, monganso milandu yambiri ya pa saiti.

Khomo loyamba lili pantchito pomwepo. Antchito ali ndi ufulu wosankha komiti yawo, ndipo komitiyo ikakhala pamodzi ndi oimira bwana, chiwerengero chofanana mbali zonse, imapanga works council. Madandaulo ndi milandu ya mwambo zimayenda motsata code of conduct yolembetsedwa kuboma, ya kampani kapena ya ntchito yonse ya mtundu umenewo. Kumene kulibe, imagwira ndi ya dziko lonse, imene aliyense amangoitchula kuti SI 15 ya 2006. Muli mndandanda wa milandu yochotsetsa ntchito, ndipo ingapo ikuchita ngati inalembedwera ife: kuba kapena chinyengo, kuwononga dala katundu wa bwana, kukana dala lamulo loyenera, kujomba masiku asanu ogwira ntchito kapena kuposerapo popanda chifukwa, ndiponso kusowa luso limene munanena kuti muli nalo. N'chifukwa chake ndinamuletsa mphwanga kuzula ma breaker, ndipo ndinamuletsanso kungokhala kunyumba mwakachetechete. Zonse ziwiri zikanamupatsa bwana ndodo yomukwapulira.

Milandu ya mwambo m'makampani a zamagetsi imafanana chaka ndi chaka. Waya wa kopa wasowa m'sitolo. Wina wapezeka akugwira ganyu Loweruka ndi drill ya kampani. Nyumba yalephera poyenderedwa, ntchito yabwerezedwa, bwana akufuna wina alipire. Pa zonsezi bwana sangangonena kuti usabwerenso mawa. Pansi pa SI 15, akakuimitsani ntchito ayenera kukupatsani kalata yotchula chifukwa, n'kufufuza ndi kumva mlanduwo m'masiku 14 ogwira ntchito. Muyenera kudziwitsidwa za bwalolo kutatsala masiku atatu ogwira ntchito kapena kuposerapo. Muli ndi ufulu wobwera ndi mnzanu wa pantchito, wa komiti, wa yuniyoni kapena loya, woitana mboni zanu, wofunsa mafunso mboni za bwana, wouzidwa zifukwa za chigamulo, ndi wopempha chifundo chilango chisanaperekedwe. Ndipo nkhani ikapita patsogolo, ndi bwana amene ayenera kusonyeza kuti anatsata code pochotsa munthu. Ndinaonapo mnyamata wosunga sitolo atadulidwa malipiro a mwezi wathunthu chifukwa cha mpukutu wa waya umene makiyi ake ankagwira anthu anayi. Palibe anamufunsa kanthu. Gawo 12A limatchula zinthu zochepa zimene bwana angadule pa malipiro, ndipo kuganizirana chabe sikuli pa mndandanda umenewo. Komanso mlandu ukagona m'kampani masiku 30 osagamulidwa, gawo 101 limalola mbali iliyonse kuutengera ku leba.

Vuto n'lakuti kampani ya munthu mmodzi ndi kagalimoto ilibe komiti, ilibe code, ndipo woweruza ndi yemweyo wodandauliridwa. Apa m'pamene NEC imalowera.

National Employment Council ndi bwalo la ntchito ya mtundu umodzi m'dziko lonse, mmene mabungwe a olemba ntchito ndi mayuniyoni amakhala pamodzi. Amagwirizana za malipiro otsikitsitsa a giredi iliyonse, maola, ovataimu ndi maalawansi, ndipo mgwirizanowo ukalembetsedwa n'kusindikizidwa ndi boma umamanga aliyense wa m'ntchito imeneyo, ngakhale bwana amene sanakhale nawo pa zokambiranazo. Kampani yoika mawaya m'nyumba zomangidwa kawirikawiri imagwa pansi pa NEC ya zomangamanga, kumene mabungwe ngati Construction Industry Federation of Zimbabwe amakumana ndi yuniyoni ya ZCATWU. Ina yogwira za makina m'mafakitale a ku Workington kapena Willowvale ingapezeke pansi pa NEC ya zauinjiniya ndi zitsulo. Yang'anani pa pepala la malipiro, pamene pamalembedwa ndalama yodulidwa ya NEC, mudziwa khomo lanu. Mikangano yambiri ya giredi imathera pano. Munthu anakhoza mayeso a luso, ali ndi khadi la Class 1, akusainira ntchito ndi kuyang'anira anzake, koma akulipidwa ngati wothandiza. Kusiyana kwa malipiro amenewo ndi ngongole imene ingawerengedwe mwezi ndi mwezi.

NEC iliyonse ili ndi ma designated agent. Gawo 63 limawapatsa mphamvu yolowa pamalo a ntchito, kufunsa anthu ndi kuitanitsa mabuku a malipiro. Pa mkangano ali ndi njira ziwiri: kuugamula okha atamva mbali zonse, kapena kuyesa kuyanjanitsa. Akagamula, wosakhutira amapita ku Labour Court. Ubwino wa agent ndi wakuti amaidziwa ntchito. Simuvutika kumufotokozera kusiyana kwa wosema khoma ndi womanga DB ya three phase.

Ndikamaona mnyamata wa kwathu akuopa kulowa m'maofesi amenewa mtima umandiwawa, chifukwa ndikudziwa kumene mabwalowa anachokera. Anayamba ndi Industrial Conciliation Act ya 1934, lamulo limene linachotsa munthu wakuda pa tanthauzo la wantchito, kuti ntchito zaluso ngati yathuyi zikhale za azungu. Agogo athu amene anabwera kuchokera ku Nyasaland anatsala pansi pa Masters and Servants Act ya 1901, imene inkatha kumangitsa munthu chifukwa chothawa ntchito. Ndipo amene anabweretsa bungwe la antchito la ICU ku Bulawayo mu 1927, Robert Sambo, anali wa ku Nyasaland, monganso Clements Kadalie amene analiyambitsa ku Cape Town mu 1919. Sambo anathamangitsidwa m'dziko chifukwa cha zimenezo. Lero ena mwa ife ku Mbare, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa timaopabe kuti akaona chitupa chakale cholembedwa kuti alien atibweza. Gawo 5 la Labour Act limaletsa kusala wantchito chifukwa cha kumene anachokera, gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 limapereka kwa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka, ndipo malamulo omwewo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Kumene kulibe NEC yogwira nkhani yanu, khomo ndi la ofesala wa leba, amene kuno ku Harare mumawapeza ku maofesi a boma a Makombe. Ntchito yawo pansi pa gawo 93 ndi kuyanjanitsa. Amaitana mbali zonse, kumva, kuwerengera ndi kufunafuna pokumanira. Mukagwirizana amalemba chikalata cha mgwirizano. Masiku 30 akatha osagwirizana amalemba chikalata chakuti zakanika, chimene chimatsegula khomo lotsatira.

Khomo lotsatiralo lasinthasintha kuyambira mu 2015, ndipo n'chifukwa chake akuluakulu awiri angakupatseni malangizo osiyana, aliyense akunena zoona za nthawi yake. Pa 17 July 2015 Supreme Court inagamula mlandu wa Nyamande ndi mnzake wotsutsana ndi Zuva Petroleum kuti bwana angathe kuthetsa ntchito ya munthu pongomupatsa notisi, popanda mlandu uliwonse. M'masabata ochepa anthu zikwizikwi analandira makalata a miyezi itatu. Nyumba ya malamulo inathamanga kusintha lamulo mu August chaka chomwecho, n'kutseka mpata umenewo ndi kuika malipiro otsikitsitsa a wochotsedwa pochepetsa antchito, amene pa nthawiyo anali mwezi umodzi pa zaka ziwiri zilizonse zimene munthu wagwira. Kusintha komweko kunapatsa ofesala wa leba udindo wolemba chigamulo pa mikangano ya zinthu zimene ndi zanu kale, kenako n'kuchitengera yekha ku Labour Court kuti chikatsimikizidwe. Munthu yemweyo amene m'mawa amakunyengererani kuti mugwirizane, masana amakhala woweruza. Milandu inaunjikana, ina ikubwezedwa chifukwa cha ndondomeko yokha. Kusintha kwa 2023 kunachotsa njira imeneyo n'kubwezeretsa yakale: kuyanjanitsa kukakanika, nkhani ipite kwa arbitrator, wogamula wapadera.

Pamenepa pali pobisika pamene anthu ambiri amagwera. Potumiza nkhani kwa arbitrator, ofesala amalemba mafunso amene wogamulayo akayankhe, atafunsa mbali zonse ziwiri. Arbitrator amayenda m'malire a mafunso amenewo. Ngati pepalalo likungofunsa ngati munachotsedwa ntchito mwachilungamo kapena ayi, osatchula za ovataimu ya Masabata onse aja munagwira pothamangitsa saiti, kapena za kulipidwa pa giredi yotsika, musadabwe zikakasowa m'chigamulo. Werengani pepala limenelo mzere ndi mzere musanatuluke mu ofesi, ndipo ngati Chingerezi chake chikukuzungulirani, pemphani akumasulireni. Funsaninso za ndalama zolipira arbitrator, chifukwa akakhala woima payekha lamulo limati ofesala agawe kuti mbali iliyonse ipereka zingati.

Chigamulo cha arbitrator chingachitidwe apilo ku Labour Court pa mfundo ya lamulo, osati pongoti sindinakhutire. Nthawi yake ndi masiku 21, ndipo kuchedwa kumafuna pempho lapadera lofotokoza chifukwa. Kuyambira 2023 mapepala a khotili amatumizidwa pa intaneti kudzera pa IECMS, zimene zathandiza ena ndi kusautsa amene alibe kompyuta. Simukakamizidwa kukhala ndi loya, mkulu wa yuniyoni yanu angathe kukuyankhulirani, ndipo osowa ndalama angafunse ku Legal Aid Directorate. Pamwamba pa Labour Court pali Supreme Court, pa mfundo ya lamulo basi, ndiponso mutapempha chilolezo.

Wochotsedwa mopanda chilungamo angabwezeredwe pantchito, kapena kupatsidwa chipukuta misozi ngati ubale unaonongeka moti sangagwirenso limodzi. Koma musakhale pakhonde kudikira. Kuyambira pa mlandu wa Ambali ndi Bata Shoe Company mu 1999, makhoti amati wochotsedwa ayenera kufunafuna ntchito ina mwamsanga, ndipo chipukuta misozi chimayezedwa ndi nthawi imene munthu ngati iyeyo akanatenga kuti apeze ina. Kwa mmisiri wa zamagetsi mumzinda umene nyumba iliyonse ikufuna sola, mbali ya bwana idzanena kuti nthawi imeneyo ndi yaifupi. Sungani umboni wa kumene munafunsira ntchito.

Tsopano tinene kuti mwapambana. Pepala lili m'manja, koma pepala silidyedwa. Arbitrator alibe apolisi, ngakhale Labour Court siilanda yokha katundu wa munthu. Chigamulo chiyenera kukalembetsedwa kwa majisitireti kapena ku High Court malinga ndi kukula kwa ndalama, ndipo pokhapo m'pamene messenger of court kapena Sheriff angapite kukagwira katundu. Akafika angapeze kuti kampani ilibe kanthu m'dzina lake, kagalimoto kanalembedwa m'dzina la mkazi, ndipo bwana watsegula kale kampani ina ya dzina latsopano. N'chifukwa chake dzina lenileni la kampani, lolembedwa bwinobwino monga lilili m'kaundula, ndi chinthu choyamba kuchifufuza, osati dzina la pa chitseko cha galimoto.

Mdani wina ndi ndalama yathuyi. Mu February 2019 boma linatulutsa lamulo la SI 33 limene linati ngongole za m'madola a America zisanduke madola a RTGS, ndalama ya dziko lino ya nthawi imeneyo, imodzi kwa imodzi. Mu January 2020 Supreme Court, pa mlandu wa Zambezi Gas ndi N.R. Barber, inatsimikiza kuti ngakhale ngongole zogamulidwa kale ndi khoti zikulowa m'menemo, pamene dola ya RTGS inali itagwa kale kwambiri. Anthu amene anamenyera malipiro awo zaka zinayi, zisanu, analandira ndalama zosakwana kugula zimene akanagula ndi malipiro a mwezi umodzi. Mu April 2024 kunabwera ndalama ina yatsopano, ZiG. Amene anaona zonsezi sangakuuzeni kuti kuchedwa kulibe mtengo. Maganizo anga ndi akuti pa mlandu wa malipiro a miyezi yochepa, malo abwino kuuthetsera ndi patebulo la agent kapena la ofesala wa leba, bwana akadali ndi saiti, akadali ndi dzina loteteza, mboni zisanabalalike kupita ku Johannesburg. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Sindikunena kuti mulandire chipongwe. Ndikunena kuti mgwirizano utchule ndalama yeniyeni, mtundu wa ndalamayo, masiku olipira ndi chochitika bwana akaphonya tsiku. Ndipo pepala lililonse lokhala ndi mawu akuti full and final settlement musalisaine muli chiimire pa saiti, chifukwa likutanthauza kuti simudzafunsanso kanthu.

Za kunyanyala ntchito ndinena mwachidule. Ufuluwo ulipo m'gawo 65 lija, koma gawo 104 la Labour Act linaumanga ndi zingwe zambiri: kuyanjanitsa kuyesedwe kaye, antchito avote mwachinsinsi, notisi yolembedwa iperekedwe, imene inali ya masiku 14 ndipo mu 2023 inatsitsidwa kufika pa 7. Pa mkangano wa chinthu chimene ndi chanu kale sitiraka siiloledwa, chifukwa lamulo likuti njira yogamula ilipo. Zimawawa kumva kuti munthu wosalipidwa sangangoika zida pansi, koma ndi mmene zilili, ndipo ambiri achotsedwa ntchito chifukwa chosadziwa.

Pali mpata umodzi umene mmisiri aliyense wa zamagetsi ayenera kuudziwa ngati dzina lake. Gawo lomwelo limalola antchito kuleka kaye kugwira ntchito popanda notisi pofuna kupewa ngozi imene akuopa, pa zifukwa zomveka, kuti ingawavulaze nthawi yomweyo, malinga ngati sanaichititse dala okha ndipo kulekako kukulingana ndi kukula kwa ngoziyo. Foromani akakuuzani kuti mugwire pa bolodi lomwe magetsi ake sanazimitsidwe chifukwa mwini fakitale sakufuna makina aime, kapena mukwere denga lonyowa kukamanga ma panel opanda lamba, mungathe kukana. Nenani chifukwa chake pamaso pa mboni, lembani uthenga pa foni, jambulani malowo, ndipo khalani okonzeka kugwira ntchito ina yotetezeka pa saiti pomwepo. Ngozi ikachitika, njira yake si ya ku leba koma ya NSSA, bungwe la boma loona za penshoni ndi ovulala pantchito, pansi pa ndondomeko ya chipukuta misozi cha ovulala pantchito ya SI 68 ya 1990, imene amalipira ndi bwana yekha, osati wantchito. Bwana ayenera kukanena za ngoziyo. Ndaonapo munthu atapsa dzanja akupatsidwa ndalama ya mankhwala m'thumba n'kuuzidwa kuti kuchipatala akanene kuti wapsa kunyumba. Dzanja lija litakana kupinda patapita chaka, pa khadi la kuchipatala panalibe mawu amodzi otchula ntchito.

Usiku uja ine ndi mphwanga tinagona mochedwa. Tinatenga kope la sukulu la mwana wanga wamng'ono n'kulemba tsiku lililonse limene anagwira, nyumba iti, kuyambira ola liti. Masiku amene anawaiwala tinawapeza pa zithunzi za m'foni mwake, pakuti mnyamatayu amajambula DB iliyonse akaimaliza. Mauthenga a WhatsApp a bwana akuti mawa fika seveni koloko tinawasunga onse, pamodzi ndi a ndalama za pa foni za EcoCash a miyezi itatu imene analipidwa, amene akusonyeza ndalama yofanana pa mapeto a mwezi uliwonse. Dzina la kampani tinalipeza pa chithunzi cha invoice ya mawaya imene anatumidwa kukatenga ku Graniteside. Anzake awiri a pa saiti avomera kudzaima naye. Analemba kalata yaifupi yopempha malipiro ake m'masiku asanu ndi awiri, bwana anaiwerenga osayankha, ndipo Lolemba lotsatira tinakwera kombi ya m'mawa kupita ku ofesi ya NEC. Agent anatsegula fayilo n'kupereka tsiku lokumana mbali zonse. Kalata yoitana bwana anakaipereka yekha mphwanga pa saiti, n'kumusainitsa pa kope lachiwiri, limene tsopano lili mu envelopu m'kabati mwa amayi ake.